Sindinagwade ku Gorbals

Ndinasiya koleji ku America chaka chachiwiri chisanathe. Osandifunsa chifukwa, ndinatopa basi. Amayi anga analira mpaka maso kutupa, kenaka mwamuna wawo watsopano ananena kuti nyumba yake si yosungiramo anthu olephera. Anayamba kuimbira mafoni achibale onse ngati akusaka wogula mbuzi yodwala. Amene anavomera anali azakhali anga a ku Glasgow, mlongo wawo wa malemu bambo anga.

Ndinabadwira ku America, anandipititsa ku Zomba ndili khanda, ndipo ndisanathe msinkhu anandibwezanso. N'chifukwa chake Chichewa ndimachidziwa, ngakhale amati ndimachitafuna ngati chingamu. Bambo anga anakhalapo ku Britain kalekale n'kutenga unzika, choncho mapepala sanavute. Ndi chokhacho chimene munthuyo anandisiyira.

Azakhali anandichingamira kubwalo la ndege. Sanandifunse za ulendo. Titangokhala m'basi anayamba.

"Tamvera, mwana wa achimwene anga. Kwanga kulibe mlendo. Kuli bedi limodzi losagonapo munthu, la msuweni wako amene ali kuyunivesite. Ndakupezera ntchito komwe ndimagwira ineyo. Ukaigwira, bedilo ndi lako. Ukaitaya, chikwama chako uchipeza pa masitepe. Amako anena kale kuti kwawo usabwerereko. Wamva?"

"Ndamva."

"Ukuyankha galu?"

"Ndamva, Azakhali."

Mvula ya kuno siigwa ayi. Imangolenjekeka m'mwamba n'kumakunyambita tsiku lonse. Dzuwa limadzuka mochedwa ngati munthu wa matsire, likasuzumira pang'ono n'kubwerera kukagona. Chingerezi ndinkachiyesa chilankhulo changa, koma dalaivala wa basi atandilankhula ndinangomva ngati munthu akutsuka kukhosi. Anabwereza, osamva. Anabwerezanso, anthu kumbuyo kwanga akuseka. Akazi amawaitana ndi mawu otanthauza thadzi la nkhuku, ati n'chikondi chimenecho. Potsika aliyense amathokoza dalaivala, ngati wawabereka kumsana.

Akangomva kalankhulidwe kanga, mafunso anali omwewomwewo. Uli ndi mfuti? Pulezidenti wanu uja munamutola kuti? Bambo wina m'shopu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa, "Wachoka ku America kudzakhala ku Govanhill? Unapha ndani?"

Azakhali ankakhala ku Govanhill komweko, m'nyumba zakale zamiyala zosanjikizana, khomo limodzi mabanja ambirimbiri. Pa masitepe pankanunkha anyezi, chinyezi ndi mkodzo wa galu amene aliyense ankakana kuti si wake. M'bafa munali mipopi iwiri, wina wowotcha, wina wozizira mpaka m'mafupa, usankhe wekha imfa yako. Zovala ankaziyanika kudenga la khitchini pa timitengo tokoka ndi chingwe, moti ndinkadya zamkati za azakhali zikundilendewera pamutu. Koma bedi linali labwino. Chipinda chinali ndi chitseko chotseka, ndipo kunalibe mwamuna wa amayi woyenda m'khonde n'kumapumira m'mwamba. Bedi limenelo ndinkalifuna.

Ntchito inali yosamalira nkhalamba ina yachizungu ku Gorbals, dera lina la mu Glasgow momwemo. Fulati yake inali yatsopano, yofunda, ya lifiti, zenera loyang'ana kumtsinje. Pakhoma panali chithunzi cha phiri la Mulanje chimene chinasuluka kalekale. Nkhalambayo inali pampando waukulu pafupi ndi zenera, yaing'ono ngati mwana wa pulayimale, khungu ngati pepala lomwe linanyowa n'kuuma. Itangondiona inakuwa.

"Mtsikana! Bwera kuno! Fulumira!"

M'Chichewa. Ndinatsala pang'ono kugwetsa ambulera.

Azakhali anandifotokozera akuvula jekete. Mayiyo anabadwira ku esiteti ya tiyi ku Thyolo, kumene bambo ake anali bwana, ndipo analeredwa ndi antchito. Anabwera ku Glasgow ali mtsikana, anakwatiwa, anabereka, anakalamba. Mutu utayamba kusokonekera, zonsezo zinathothoka. Mwamuna wake anathothoka, ana ake anathothoka, Chingerezi chomwe chinathothoka. Chinatsala ndi Chichewa cha pakhonde la bwana. Mawu ake ndinawaloweza m'mawa womwewo chifukwa anali ochepa: bwera, tenga, pukuta, choka, waulesi. Zikomo munalibemo.

Azakhali anaphika phala la mbewu yachizungu yotchedwa oti, n'kuthiramo mchere monga amachitira kuno. Anafika nalo pamaso pa mpando uja, anagwira m'mphepete mwa tebulo, nayamba kutsika pang'onopang'ono. Maondo awo analira ngati nkhuni zouma. Mayi wamkulu, wa imvi zake, mkulu wa mpingo amene amayi onse kutchalitchi amamupatsa njira. Anagwada pa kapeti, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, n'kupereka supuni.

"Idyani, Agogo."

Nkhalamba inayasamula ngati mwana wa mbalame.

Ndinawadikirira m'khitchini.

"Azakhali, n'chiyani chimene ndaona chija?"

"Phala."

"Mukugwadira mzungu? Masiku ano?"

"Ndikugwadira imvi. Iwe ku Zomba sunkagwadira agogo ako?"

"Agogo anga sankanditchula waulesi."

"Ankakutchula. Waiwala chabe." Anatsegula mpopi n'kuyamba kutsuka mbale. "Ukaimirira, sadya. Ukakhala pampando, sadya. Anayesa azungu anzawo, anayesa wa ku Poland, anayesa wa ku Nigeria, amangotseka pakamwa. Ine ndinabwera n'kuchita mmene anandiphunzitsira amayi anga, anadya. Zaka zonsezi akudya. Ukufuna ndikuuze chiyani?"

"Nanga mwana wawo, amene anakulembani ntchito, akudziwa?"

Anatseka mpopi.

"Ukadzamuuza ndidzakuthyola khosi. Azungu a kuno manyazi awo ndi oopsa kuposa mkwiyo wawo. Akabwera timati Agogo adya kale. Wamva, Mmerika?"

Ku America ndinaphunzira zochepa, aliyense angakuuzeni. Koma ichi chokha ndinachimvetsa: munthu wakuda sagwada pamaso pa mzungu, kaya ndi nkhalamba, kaya ndi mtembo. Kugwada ndinkakudziwa bwino. Ndinagwadapo pa simenti ya ku Zomba popereka madzi osamba m'manja kwa amuna amene sankandiyang'ana n'komwe. Nditakwera ndege ndinalumbira kuti zatha.

Tinagawana mashifiti. M'mawa ine, masana azakhali, kuti apumitseko maondo awo. Kusambitsa nkhalambayo sikunandivute. Kumusintha thewera sikunandivute. Manyi ndi manyi, alibe mtundu. Nkhondo inali pa phala.

Ndinaimirira ndi mbale. Anandiyang'ana kumaso, kenaka anayang'ana pa kapeti pamene azakhali ankagwada, n'kutembenukira kuzenera. Ndinakoka mpando. "Choka!" Ndinayesa kunyonyomala, poganiza kuti munthu woiwala dzina la mwana wake sangasiyanitse. Anasiyanitsa. Anasuzumira pansi kuona ngati maondo akhudza, n'kundilavulira pa juzi. Mutu umenewo unataya zonse, koma mulingo wa maondo unausunga.

"Waulesi," anatero.

"Ndiwe," ndinamuyankha.

Ndinakhala pampando moyang'anizana naye, n'kudya phala lake. Supuni ndi supuni, maso ake akutsatira dzanja langa kuchoka m'mbale kufika pakamwa. Mmero wake unkakwera n'kutsika. Phalalo linali loipa, phala la mchere ndi chilango, koma ndinalimaliza n'kunyambita supuni. Ndinayamba kuchita zimenezi m'mawa uliwonse. Iye anali ndi pakamwa pake, ine ndinali ndi maondo anga. Aliyense anatseka chake.

Azakhali si chitsiru. Ankafika masana n'kupeza nkhalamba ikunjenjemera ndi njala, ikulanda supuni, ikutsamwa. Mphete inayamba kugwa yokha pachala. Sanandifunse kanthu m'fulatimo. Nkhaniyo anaipititsa kutchalitchi.

Lamulungu titatuluka m'mapemphero, tikumwa tiyi m'chipinda chakumbuyo, amayi a mpingo anandizungulira. Ana awo obadwira kuno ankathamangathamanga, akafunsidwa m'Chichewa n'kuyankha m'Chingerezi cha dalaivala uja.

"Ndi ameneyu Mmerikayu? Wa maondo achitsulo?"

"Mwina ku America amawachotsa pa eyapoti, amayi."

"Ayi, koleji ndi imene inamuumitsa. Paja anamaliza?"

"Anamaliza kulowa pageti."

Anaseka mpaka wina anataya tiyi pa diresi. Onsewo anali a ntchito ya keya, yosamalira okalamba ndi odwala, misana yopindika, manja osupuka ndi sopo, akuseka munthu chifukwa chokana kugwada. Azakhali sanaseke. Tili pa siteji ya basi, mvula ikutinyambita, anati, "Mawa ugwada. Ukapanda kutero, ulongedze. Sindingaphetse munthu chifukwa cha ukulu wa mwana wolephera sukulu."

Mawa lake sindinagwade. Phala ndinalisiya pa tebulo mpaka linachita chikoko. Azakhali atafika masana anayang'ana mbale, anandiyang'ana ine, n'kuika poto pamoto. Ndinatenga jekete langa. Ndinkadziwa kuti madzulo chikwama chikhala pa masitepe.

Lifiti itatseguka pansi, ndinakumana ndi mwana wamkazi wa nkhalamba ija, amene anatilemba ntchito, akulowa, atanyamula kathumba ka masikono. Anali atafika msanga tsikulo. Anali mphunzitsi wopuma, wabwino mtima mpaka kunyansa. Ankavala chitenje pakhosi ngati sikafu, ndipo chaka chilichonse ankagulitsa makeke kutchalitchi kwawo kuti ana a ku Malawi apeze mabenchi. Chichewa chake chinali zikomo ndi muli bwanji. Ankanyadira kuti amayi ake anakonda Malawi mpaka kubwerera ku chilankhulo chake. Nkhalamba ikakuwa, iye ankafunsa, "Akuti chiyani?" ndipo azakhali ankayankha, "Akuti kwacha bwino lero," kapena, "Akuti mwatchena."

Kwathu ku America, chinthu chikakhala chokhota pantchito umakauza bwana. Bwana amachita mantha, amapepesa, amakonza. Ndinaziwerengera bwinobwino m'mutu. Mayiyu aletsa kugwada, agula mpando, nkhalamba ikhala ndi njala pang'ono kenaka igonja, poti njala siseweretsa. Azakhali apumitsa maondo. Ine nditsala ndi bedi langa ndili chiimire.

"Mwana wanga wa ku America!" anatero, akufuna kundikumbatira. "Amayi ali bwanji lero?"

"Tiyeni mukaone mmene amadyera," ndinamuuza. "Koma musagogode."

Tinakwera. Ndinatsegula chitseko mwakachetechete. Azakhali anali atagwada pa kapeti, msana kwa ife, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja. Zidendene zawo zinali zong'aluka, sokosi imodzi yobooka. Nkhalamba inameza n'kukuwa.

"Fulumira, waulesi iwe! Ndikakuneneza kwa bambo akukwapule!"

"Akuti chiyani?" mayiyo ananong'ona.

Ndinamuuza. Liwu ndi liwu, osachotsapo, osawonjezerapo. Ndinamuuzanso kuti ndi mmene zakhalira zaka zonsezi, m'mawa, masana ndi madzulo, ndiponso kuti za kwacha bwino zija zinali zabodza.

Masikono anagwa pansi n'kugubuduka. Nkhope ya mayiyo inafiira kuyambira kukhosi. Anathamanga n'kugwira azakhali m'khwapa ngati akuvuula munthu m'madzi.

"Dzukani! Chonde dzukani! Mayo ine, pepani, pepani, sindinkadziwa!"

Azakhali anali ndi supuni m'manja, phala likudontha. Analankhula modekha, m'Chingerezi chawo chaulemu. "Amayi, musadandaule. Ndi mwambo wa kwathu. Munthu wamkulu timamupatsa chakudya titagwada. Amayi anga omwe ndinkawachitira zomwezi."

"Ayi. Osati kwa ife. Osati kwa banja lathu, ndi zonse zimene tinachita kwanu kuja. M'nyumba muno simudzagwadanso."

"Sadya, amayi."

"Adya. Azolowera."

Azakhali anagwira tebulo n'kudzuka okha, maondo akulira. Anandiyang'ana kamodzi. Sanatukwane. Ndikanakonda akanatukwana.

Madzulo amenewo chikwama sichinali pa masitepe. Mayi uja anali atanena kuti ndine mtsikana wolimba mtima, ndipo azakhali sakanathamangitsa munthu wolimba mtima bwana akuona. Ndinagona pabedi langa ndikuganiza kuti ndapambana.

Mpando unagulidwadi, wa khushoni, wa mikono. Mayiyo anayamba kubwera nthawi iliyonse ya chakudya, kudzakhala pakona n'kumalondera maondo a azakhali. Nkhalamba inatseka pakamwa. Anabweretsa supu, yogati, zakumwa za kuchipatala za m'timabotolo. Inatseka pakamwa. Inkayang'ana pa kapeti, n'kuyang'ana azakhali pampando wawo watsopano, n'kutembenukira kumtsinje. Njala imene ndinkaidalira ija sinagwire ntchito. Munthuyo anali ataiwala kuti njala imapha.

"Ndiloleni kamodzi kokha," azakhali anapempha. "Inu mutuluke, musaone."

"Sindingathe," anatero mayiyo, misozi ili mbwembwembwe. "Ndikadziwa, ndiye kuti ndaona."

Ankalira kwambiri mayi ameneyo. Ankalira m'khitchini, ankalira m'lifiti, ankalira atagwira manja a azakhali mpaka azakhali ndi amene ankamutonthoza. Tsiku lina anatenga mbale yekha, anakwinya siketi, n'kugwada pamaso pa amayi ake. Nkhalamba inamuyang'ana ngati yaona galu atavala nsapato. Inamenya mbale ndi kumbuyo kwa dzanja, phala lonse pa chitenje chija.

"Choka! Mtsikana ali kuti?"

Apa sanafunse kuti akuti chiyani. Ndinamuuzabe.

Milomo ya nkhalamba inauma n'kung'ambika. Inasiya kukuwa, n'kumangonong'ona. M'mawa wina ndinaipeza itapendekeka pampando, maso ali pakati, ndipo ndinaimbira ambulansi. Kuchipatala anaiika madiripi. Itatuluka sinabwererenso ku Gorbals. Anaipezera malo kunyumba yosungirako okalamba cha ku Easterhouse, kumene kuli anamwino ndi malamulo, kumene palibe amagwadira munthu. Fulati anaitseka. Ntchito inathera pomwepo, yanga ya miyezi yochepa ndi ya azakhali ya zaka zonse zija.

Mayiyo anabwera ku Govanhill kudzatsanzika, atanyamula maluwa. Anakwera masitepe onunkha aja, anakhala m'khitchini pansi pa zovala zoyanika, n'kunena kuti azakhali ndi mngelo, kuti tsopano amasuka, kuti apeze ntchito yowapatsa ulemu. Ine anandigwira tsaya n'kuti zikomo, m'Chichewa. Azakhali anamuperekeza mpaka pansi, akumwetulira njira yonse.

Ndinalowa m'chipinda changa n'kukhala pabedi. Ndinamva ketulo ikuwira. Kenaka chitseko chinatseguka, azakhali analowa ndi thireyi. Anatulutsa kapu ya alendo, ya maluwa agolide, imene sinkachoka m'kabati. Anagwira m'mphepete mwa bedi n'kuyamba kutsika. Maondo analira.

"Azakhali, mukutani?"

Anagwada pamaso panga, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, mutu pansi.

"Imwani, Adona."

"Azakhali, dzukani."

"Ayi, imwani. Mwatiombola. Tinali mu ukapolo osadziwa, mpaka munabwera inu kuchokera ku America. Shuga wakwana? Ndiwonjezere?"

"Ine ndinangonena zoona."

"Mwanenadi. Mwaphunzira kwambiri inu. Chaka chathunthu ndi theka." Anakweza kapu pafupi ndi pakamwa panga. "Imwani msanga, Adona, maondo a wantchito wanu akupweteka. Mukamaliza mudzuke pabedipo. Ndikufuna kuchapa zofunda."

Ndinamwa. Ndikanatani? Sakanadzuka. Ndinamwa tiyi yense akundiyang'ana, supuni ili m'mbale, mmero wanga ukukwera n'kutsika. Shuga anali wokwana bwino. Atalandira kapu ndi manja awiri anagwira bedi n'kudzuka, ndipo nditatuluka m'chipindamo ndinapeza chitseko chakunja chili chotsegula. Chikwama chinali pa masitepe monga ananenera tsiku loyamba lija m'basi. Anali atandipindira zovala bwinobwino. Maluwa aja anawaika pamwamba.

Ndinaimbira amayi anga ku America. Anayankha mwamuna wawo, n'kuti ali kosamba.

Pano ndimatsuka mapoto m'shopu ya tchipisi, ya bambo amene amanditchula thadzi akasangalala ndi zina akakwiya. Kutchalitchi ndinasiya, koma ku Govanhill nkhani zimakupeza pa siteji ya basi. Mmodzi wa amayi oseka aja anandiuza kuti Lamulungu lililonse, akatuluka m'mapemphero, azakhali amakwera basi ya ku Easterhouse ndi kakontena ka phala m'chikwama. Palibe amawalipira. Amalowa m'chipinda cha nkhalamba, amatseka chitseko, n'kugwada. Anamwino akasuzumira pa galasi amaganiza kuti akupemphera, ndiye amawasiya. Masiku enawo nkhalamba imangomwa timadzi. Akuti yatsala mafupa okhaokha, koma ikawaona imakuwabe kuti waulesi.

"Iwe sudzapitako?" mayiyo anandifunsa.

"Kukatani?"

"Eya, paja maondo."

Ndimakhala m'chipinda chimodzi ndi atsikana ena amene sitimva chilankhulo chimodzi, m'nyumba ya masitepe onunkha kuposa a azakhali. Bedi mulibe. Ndimagona pa matiresi pansi, pafupi ndi khoma la nkhungu. M'mawa ndikafuna kudzuka ndimayamba ndagwada, koma ndimaonetsetsa kuti onse akugona.